Kadiso ka ku Harare

Anthu a ku Chinsapo mpaka lero amandiseka kuti ndinadutsa dziko la eni n'kulowa lina, kukagula kanthu kochepa ngati bokosi la machesi. Alekeni aseke. Sanasenzepo mpingo wonse paphewa ngati mmene ndinausenzera ine chaka chimenecho.

Nkhani yake inali ya tchalitchi chathu chakale, cha zidina, chimene makolo anamanga Chinsapo akadali minda ya chimanga. Chatsopano chinali chitakwera pambali pake, makoma atatha, koma denga linali litalekezera pa theka. Akuluampingo anagwirizana zosasula malata ndi mitengo ya chakalecho kuti amalizire chatsopano mvula isanagwe. Onse anavomera kupatula Bambo Kachingwe, nkhalamba imene inaumba nawo zidinazo ndipo ana awo onse anabatizidwira momwemo. Anakana kwa miyezi. Potsiriza anati malata achotsedwe, koma khoma lisakhudzidwe mpaka iwo ataona chithunzi chimodzi chojambulidwa m'kati: mpingo wonse, denga, mawindo ndi chitseko. Tsiku linasankhidwa, Lamulungu lomaliza la Okutobala, ndipo Lolemba lake akalipentala akwera padenga. Wojambula mumpingomo ndinali ine ndekha. Onse anatembenuka kundiyang'ana ngati kuti chithunzi amachita kuthyola mumtengo.

M'chipinda chopanikizika chotero sungabwerere m'mbuyo, khoma limakugunda msana, ndipo lenzi wamba imangotenga mabenchi apakati. Mwayi wake ndinali ndi lenzi yotambalala kwambiri, ya mamilimita 21, imene ndinagula pamodzi ndi kamera kwa mzungu wina woyeza malo pamene ankabwerera kwawo. Lenzi imeneyo imameza chipinda chonse. Vuto linali kamera. Yanga si ya mtundu umene umasuzumira kudzera mu lenzi. Ili ndi kawindo kake pambali, ndipo kawindoko kamangoonetsa zimene lenzi wamba ikuona. Ukamanga yotambalalayo umajambula mwakhungu: pakati ukuona, m'mbali ndi m'mwamba ukungoganiza. Pamafunika kagalasi kena kapadera, kolowetsa pamwamba pa kamera pamene timaika fulashi, koonetsa zonse zimene lenziyo ikutenga. Ojambula timati vyufainda, koma mkazi wanga NaPhiri ankangoti kadiso, ndipo dzinalo linakanirira. Ka mzungu uja kanali katatayika kalekale. Filimu siuza munthu kanthu mpaka itatsukidwa, ndipo pofika nthawi yotsukayo denga likanakhala litatsika.

Ndinazungulira masitolo onse a mu Old Town, ndinatumiza uthenga ku Blantyre, koma ambiri sankadziwa n'komwe chimene ndikunena. Mnyamata wa kumene ndinkatsukitsa zithunzi ndiye anandiuza za sitolo ya makamera akale ku Harare. Ndinagulitsa wailesi yanga yakaseti kuti ndipeze ya tikiti, NaPhiri osayankhula nane tsiku lonse. Ndisananyamuke ndinalowa m'tchalitchi ndi zingwe ziwiri zakhonje. China ndinayeza nacho kuchokera kukhoma lakutsogolo, pamene ndidzaime, kufika pa benchi yoyamba. Chinacho ndinayeza mulifupi mwa tchalitchi, khoma mpaka khoma. Ndinazikulunga n'kuziponya m'chikwama cha kamera.

Basi ya ku Harare ankati inyamuka Lolemba m'mawa. Tinalowa m'mawa ndithu, koma dzuwa linatipeza pa depoti pomwepo lili paliwombo, anyamata akukwezabe mitolo padenga. Dalaivala ankaliza injini, tonse n'kukhala bwino, kenako n'kuizimitsa kupita kukamwa tiyi. Anthu ambiri m'basimo anali azimayi a geni, onyamula zitenje ndi madengu kukagulitsa, kuti pobwera atenge mabulangete, mapoto ndi majarini. Pampando wanga ndinakhala ndi Mayi Asiyatu a ku Kawale, kwawo ku Mangochi, mayi wathupi ndi wamawu, amene msewu umenewu ankaudziwa ngati njira ya kumsika. Mpando unali wa anthu awiri, koma ine ndinapatsidwa kachigawo kotsala.

"Katundu wanu ali kuti, achimwene?" anandifunsa.

Ndinawalozera chikwama cha kamera.

"Basi? Ndiye mukukagulitsa chiyani?"

"Sindikukagulitsa, mayi. Ndikukagula kagalasi."

"Magalasi makatoni angati?"

"Kamodzi kokha."

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku mandala anga, kenako anatembenukira anzawo kumbuyo. "Asisi, tili ndi bwana m'basi muno. Akupita ku Harare kukagula kagalasi kamodzi." Kuyambira pamenepo dzina langa linatha. Basi yonse inkandiitana kuti a Kagalasi, mpaka kondakitala.

Titanyamuka ndinaganiza kuti mavuto atha. Pa Dedza tinaima kudikira munthu amene analipira kale koma anali akumetetsa. Pa Lizulu dalaivala anatsika kukasankha kabichi wa kunyumba kwake, ndipo ankasankha mutu umodziumodzi, kuufinya, kuubweza. Pa Ntcheu tinamwetsa mafuta. Pokhota pa Zalewa dzuwa linali litafiira, ndipo tinafika pa Mwanza geti la boda atatseka kale. Azimayi sanadandaule n'komwe. Anayala zitenje pansi pa basi, ena m'kanjira ka pakati pa mipando, n'kugona ngati ali kwawo. Ine ndinakhala tsonga, chikwama pamiyendo.

M'mawa mwake tinadinditsa mapasipoti msanga, koma basi sinasunthe. Pepala lina la galimotoyo linali litatsala ndi mlamu wa mwini basi ku Blantyre, ndipo tinadikira kuti libwere pa minibasi. Anyamata osintha ndalama ankatizungulira, mitolo ya makobiri a mayiko atatu m'manja. Mayi Asiyatu anandigwira dzanja ndisanatulutse yanga. Anati ndisinthe pang'ono pokha, yogulira madzi, yotsalayo ndiibise mu sokosi mpaka Nyamapanda. Pepala litafika tinawolokera pa Zobue, n'kuyamba kutsetsereka kulowera ku Tete.

Kutentha kwa ku Tete ndinkangokumva m'nkhani. Mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera mu uvuni wa buledi. Nkhondo ya m'dzikomo inali itatha zaka zochepa m'mbuyomo, ndipo m'mbali mwa msewu munali mafupa a malole opsa, udzu utamera m'kati. Titaima kuti anthu adzithandize, kondakitala anachenjeza kuti aliyense asaponde kunja kwa tara chifukwa cha mabomba okwirira. Abambo tinapita kutsogolo kwa basi, amayi kumbuyo, manyazi tinawasiya ku Malawi.

Pa mlatho wa Zambezi panali mzere wautali, poti magalimoto olemera ankawoloka ochepa nthawi imodzi. Tinatsika kukhala mumthunzi wa basi. Ine, posowa chochita, ndinatulutsa kamera kuti ndiipukute fumbi. Sindinaganize n'komwe kuti kumbuyo kwanga kuli mlatho, ndipo milatho sajambula. Msilikali wachinyamata anatulukira, mfuti paphewa, n'kutambasula dzanja. Ankayankhula Chinyungwe, chimene Mchewa amachimva akatchera khutu, ndipo ndinamva bwino kuti akufuna kamera ndi ine ndemwe. Ndinatsegula kumbuyo kwa kamera kumuonetsa kuti mulibe filimu. Iye anangogwira lamba wa kamerayo osausiya.

Mayi Asiyatu anadzuka pang'onopang'ono, akukonza mpango wawo.

"Mwanangu, musiye munthuyu. Kamera yakeyi ndi yakhungu. Tikupita nayo kuchipatala ku Harare."

Msilikaliyo anawayang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anaika diso pa kawindo kaja. Anatembenuza kamera uku ndi uku, n'kuseka, n'kundibwezera. Titakwera m'basi mayiwo anandilanda chikwama chonse n'kuchikwirira pakati pa mtolo wa zitenje. Anati ndidzachionanso ku Harare, chifukwa munthu wophunzira ndi amene amagwiritsa anzake pamsewu.

Tinadutsa Tete, tinadutsa Changara, ndipo ndinayamba kuwerengera kuti tigona ku Zimbabwe. Pamenepo kutsogolo kunamveka phokoso ngati chikwapu, nthunzi n'kutuluka pansi pa mpando wa dalaivala. Lamba wa fani anali ataduka. Wapadera analipo, koma atamuyesa anapezeka kuti ndi wa galimoto ina. Kondakitala anakwera lole yobwerera ku Tete kukasaka wina, ife n'kutsala pakati pa milambe, popanda nyumba ndi imodzi yomwe.

Kudikira kumeneko ndi kumene kunandidya. Linali Lachiwiri madzulo, Harare akadali kutali, ndipo basi yomweyi ndi imene inkayenera kutibweza. Ndinkayenda pa tara kupita uku ndi kubwerera, kuyang'ana galimoto iliyonse yochokera ku Tete. Azimayi anatulutsa zimene anali nazo, mbatata zophika, mtedza, mandasi ouma, n'kugawana. Mayi Asiyatu anandiitana.

"A Kagalasi, khalani pansi. Mukutizunguza mutu. Kodi kagalasi kameneka n'ka chiyani kwenikweni kuti munthu wamkulu muzionda nako?"

Ndinawafotokozera zonse, za tchalitchi, za denga, za Bambo Kachingwe. Ndinkayembekezera kuti aseka, koma anangopitiriza kusenda mbatata.

"Kwathu kunali mzikiti umene anamanga bambo anga ndi anzawo," anatero. "Anaugumula n'kumanga wamakono. Wamakonowo ndi wokongola, sindikana. Koma wakalewo palibe ndi chithunzi chomwe. Ana anga ndikamawauza amaona ngati ndikupeka." Anandipatsa mbatata ija. "Idyani. Tikafika, sitolo yanuyo ndikaiona nanenso."

Kondakitala anabwera Lachitatu kutacha, lamba m'khosi ngati mkanda, azimayi n'kumuimbira nthungululu. Pa Nyamapanda katundu yense anatsitsidwa, kuonedwa, n'kukwezedwanso, ndipo zimenezo zinadya masana onse. Za miyala ikuluikulu ya ku Mutoko imene anthu amaitama ndilibe chonena, ndinkangoyang'ana dzuwa. Tinalowa mu Harare masitolo atatseka. Azimayi ananditengera ku Mbare, kunyumba ya banja lina lochokera ku Malawi kumene ankafikira nthawi zonse, ndipo dalaivala analengeza kuti basi ibwerera Lachisanu m'mamawa. Ndinatsala ndi tsiku limodzi.

Sitoloyo ndinaipeza Lachinayi, m'kamsewu kopanikizika m'tauni, nditasochera kawiri. Munali makamera akale mpaka kudenga. Kuseri kwa kauntala kunali bambo wa imvi, kagalasi kokulitsa zinthu kali pachipumi, akutokosa kamera ndi kasikuludalaiva. Ndinayamba ndi Chingerezi changa chapamsewu. Anandimvetsera pang'ono n'kundidula.

"Kumudzi n'kuti, mwana wanga?"

Anali Bambo Mbewe, wokonza makamera m'sitolomo, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwerereko. Chichewa chawo chinali chakale, chothira Chishona apa ndi apo. Anayamba andifunsa za mvula, za mtengo wa feteleza, ndi ngati phiri la Dedza likadali ndi mitengo. Ine mtima uli m'mwamba, koma munthu wamkulu sumudula. Atakhuta nkhani anatenga kamera yanga, anayang'ana lenzi, n'kugwedeza mutu mokondwa. Analowa m'kati n'kutuluka ndi chitini cha mabisiketi. Atachitsegula, munali timaso tosiyanasiyana, tokulungidwa m'nsanza. Anasankhamo titatu n'kutiyala pa kauntala.

Koyamba kanali ndi timagalasi tingapo pa kagudumu kozungulira, kalikonse ka lenzi yake. Kachiwiri kanali kasiliva, konyezimira, kagalasi kake kakakulu ndi koyera. Nditaika diso ndinaona sitolo yonse ikuwala, ndipo mtima wanga unagula pomwepo. Kachitatu kanali kakuda, kotibuka pakona, penti atasupuka, kokhala ngati kanatoledwa pamsewu. Sindinakagwire n'komwe.

"Yesani pa mashelefu apa," anatero Bambo Mbewe.

"Pepani bambo, ine sindikajambula mashelefu. Ndikajambula anthu." Ndinatulutsa zingwe zanga n'kuwauza za tchalitchi.

Anaseka mpaka kutsokomola, koma anatenga miyendo itatu yoimikapo kamera n'kunditsogolera kukanjira ka kuseri kwa sitolo. Tikutuluka, Mayi Asiyatu anatulukira ndi anzawo angapo, mitolo ya mabulangete pamutu. Anati abwera kudzaona kagalasi kamene kanatsala pang'ono kutimangitsa ku Tete. Sanadziwe kuti abwera kudzagwira ntchito.

Ndinaimika kamera msana kukhoma, monga ndidzachitire kwathu. Chingwe choyamba ndinachitambasula kutsogolo, chachiwiri chopingasa kumapeto kwake. Azimayi anatula mitolo n'kundanda pa chingwe chopingasacho ngati benchi yoyamba ya tchalitchi, Mayi Asiyatu kumapeto kwenikweni. Bambo Mbewe anachotsa chitseko cha kumbuyo kwa kamera, anatsegula shata, yotsekera kuwala, kuti ikhale yosatseka, ndipo pamalo pogona filimu anaikapo kagalasi kokhuluzidwa, kotuwa. Anati chimene chioneke pa kagalasi kameneko ndi chimene filimu idzadye, china chilichonse ndi nkhani chabe. Kuwala kunali kwambiri, ndiye Mayi Asiyatu anamasula chitenje chimodzi n'kundifunditsa kumutu pamodzi ndi kamera.

Mumdimamo ndinawaona azimayi onse, ang'onoang'ono, ozondoka miyendo m'mwamba. Onse analowa, kuyambira woyamba mpaka Mayi Asiyatu, koma malo otsala m'mbali anali ochepa kwambiri. Ndinasangalala ndi kuopa nthawi imodzi. Lenzi inkakwana tchalitchi chathu, koma kungopotoza kamera pang'ono, munthu wakumapeto watayika.

Tinayamba ndi kagudumu kaja. Galasi lake lotambalala kwambiri linkalekezera pa lenzi ya 28, yosatambalala ngati yanga ya 21, ndipo azimayi a kumapeto onse awiri sankaonekamo. Bambo Mbewe anati n'kabwino kwa munthu wa malenzi ambiri, koma kwa ine kakanandisiya wakhungu pomwe pali vuto. Tinakabweza m'chitini.

Ndinalowetsa kasiliva. Onse anaoneka bwinobwino, ndi malo otsala ambiri, mpaka mgolo wa zinyalala umene unali pambali. Ndinati basi, ndi kameneka.

"Dekhani," anatero Bambo Mbewe. "Mayi, tayendani cham'mbali pang'onopang'ono. Inu lowani m'chitenjemo, munene akasowa."

Mayi Asiyatu anayamba kusuntha, akudandaula kuti anzawo akugula katundu iwo akuvina m'kanjira. Pa kagalasi kotuwa ndinaona phewa lawo likudyedwa, kenako theka la thupi, kenako anasowa. Ndinakuwa kuti aime. Ndinatulutsa mutu n'kuika diso pa kasiliva. Anali momwemo, athunthu, ambulera yawo ili m'manja, akundiyang'ana. Kasilivako kanali kopangidwira lenzi yotambalala kuposa yanga, ndipo kankandilonjeza anthu amene filimu sikanawatenga. Ndikanakadalira, ndikanabwera nacho chithunzi chodula anthu, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti alimo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinatola kotibuka kaja mwamanyazi. M'kati mwake munali mizere yoyera yozungulira ngati felemu. Mayi Asiyatu, pamene anaimapo, anali kunja kwa mzere. Tinawabweza n'kuwayendetsanso, ndipo ankatuluka mumzere kanthawi kochepa asanasowe pa kagalasi kotuwa. Tinayesa mbali inayo ndi mayi wina, chimodzimodzi. Za m'mwamba tinayesa ndi ambulera yomangirira ku tsache. Kalikonse kamene kanali m'kati mwa mizere kanalinso pa kagalasi kotuwa, ndi kachidutswa kapamwamba. Ndiponso ngodya zonse zinayi ndinkaziona ndili chivalire mandala anga, pomwe pa kasiliva ndinkachita kukanikiza diso mpaka mandala kukhulana ndi chitsulo.

"Kameneka kamalonjeza zochepa n'kupereka zambiri," anatero Bambo Mbewe. "Koma kumbukirani kuti kali pamwamba, lenzi ili pansi. Chinthu chikakhala pafupi, siyani mpata pamwamba pake. Ndipo kamera muiimike mowongoka, mukaiweramitsa makoma adzagwa pa chithunzi."

Phazi lake linali lolobodoka, linkagwedera pa kamera. Anang'amba kachidutswa ka bokosi la machesi n'kukakhomera pansi pake, kadiso n'kukhala nji. Mayi wina anapempha kuti asuzumire nawo m'chitenje, ndipo anatuluka akugwa ndi phwete. Anati a Asiyatu azondoka, ndiponso anenepa kuwirikiza. Bambo Mbewe anafotokoza kuti lenzi yotere imatambasula anthu a kumapeto, ndiye m'mbali ndiziika oonda.

"Ndiye mumandiika kumapeto dala?" anatero Mayi Asiyatu. "Chabwino. Mtengo ndinena ndine."

Analowa m'sitolo n'kuyamba kukanyoza kadisoko pamaso pa mwini sitolo, kutibuka kwake, penti wake, mpaka munthuyo anatsitsa mtengo kuti mayiwo atuluke. Bambo Mbewe anandiperekeza mpaka pakhomo. Anati ndikadutsa pa Dedza ndiyang'ane phiri m'malo mwawo. Ndinakakulunga kadisoko mu mpango, n'kukaika m'thumba la malaya, n'kutseka thumbalo ndi pini. Ndinayenda mumsewu wa Harare ngati mzindawo ndi wanga.

Pobwerera basi inalemera mpaka kukhala pansi. Lamba sanaduke, pa mlatho kamera inali m'mabulangete, koma katundu wochulukayo ankatichedwetsa pa boda iliyonse. Loweruka masana tinali tikadali pa Mwanza, mitolo yonse ili pansi, azimayi ali pamzere wolipira msonkho. Mayi Asiyatu anandipeza nditakhala pa tayala.

"Inu mukudikira chiyani? Muli ndi mabulangete? Tengani chikwama chanu muzipita. Mukatsuka, chithunzi chimodzi mubweretse ku Kawale, mukafunse pa msika, aliyense akulozerani."

Ndinapeza lole ya simenti yopita ku Blantyre, imene inanditsitsa pa Zalewa. Pamenepo ndinakwera matola, kumbuyo kwa pikapu, pakati pa matumba a makala, mpaka Ntcheu, kumene mdima unandigwira ndipo ndinagona pa benchi ya depoti. M'mawa wa Lamulungu ndinakwera basi yoyamba. Pa Dedza ndinayang'ana phiri monga ndinatumidwira. Pofika mu Lilongwe mabelu anali atalira kale, ndipo minibasi ya ku Chinsapo inkaima pa siteji iliyonse ngati ikundichitira dala.

NaPhiri ndinamupeza pamsewu, pafupi ndi tchalitchi, miyendo itatu ya kamera paphewa, filimu m'manja, malaya oyera pamkono. Sanandifunse za ulendo. Anangoyang'ana thumba la pini lija, ine n'kugwedeza mutu movomera, iye n'kundipatsa malaya aja. Ndinasinthira malaya kuseri kwa mulu wa njerwa.

M'kati munali modzaza kuposa pa Khirisimasi. Anabwera ndi amene anasiya kupemphera kalekale. Mapemphero atatha tinatsegula mawindo onse ndi chitseko kuti kuwala kulowe. Ndinaimika kamera kutsogolo, msana kukhoma, n'kuika diso pa kadiso. Zaka zonsezo ndinkapemphera m'nyumba imeneyi, koma ndinali ndisanaionepo yonse nthawi imodzi: amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, ana pansi kutsogolo, mitengo ya denga yakuda ndi utsi wa nyali, ndi chitseko kumapeto chikuwala.

Kenako ndinaona vuto. Bambo Kachingwe anakhala pamalo pawo pa masiku onse, kumapeto kwa benchi yoyamba, phewa litatsamira khoma, ndipo mzere woyera unkawadutsa pakati pa nkhope. Ndinawapempha kuti asunthire m'kati pang'ono.

"Ndakhala pano chimangireni nyumba ino," anatero. "Sunthani inuyo."

Anthu anaseka. Ndinasuntha ine. Ndinakankhira miyendo ya kamera m'mbuyo mpaka inagunda khoma, ine n'kudzipanikiza pambali, ndinapotoza pang'ono, ndipo amayi a mbali inayo ndinawapempha kuti athithikane. Nditayang'ananso, nkhalamba ija inali m'kati mwa mzere, ndi khoma lake lomwe. Ndinasiya mpata pamwamba pa mtanda wa denga wapafupi. Ndinauza mpingo kuti ndikakweza dzanja aliyense aume, ndi makanda omwe ngati n'kotheka. Ndinajambula kangapo, m'tchalitchi muli zii, kenako ndinatsitsa dzanja.

Lolemba malata anatsika. Ndinkamva kulira kwa misomali ndili kunyumba, filimu ili kotsukitsa m'tauni. Lachitatu ndinakatenga envulopu, ndinaitsegulira pakhonde la sitolo pomwepo, ndipo ndinaseka ndekha mokweza mpaka odutsa anatembenuka.

Bambo Kachingwe ndinawapeza atakhala pa kampando pakati pa makoma opanda denga, akazi awo ali pambali, anyamata a mapiki atakhala panja kudikira monga anachitira kuyambira Lolemba. Ndinawapatsa chithunzi chachikulu ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Chala chawo chinayenda pa mitengo ya denga umodziumodzi, chinatsika pa mawindo, chinafika pa chitseko, kenako chinadutsa m'mizere ya anthu mpaka pakona pamene anadzipeza okha, atatsamira khoma lawo. Anakweza maso kuyang'ana kumwamba kopanda malata, n'kubwereranso pa chithunzi.

"Ndi chomwechi," anatero.

Anachipereka kwa akazi awo kuti achikulunge mu mpango. Kenako anaimirira, anavula jekete, n'kuitana mnyamata mmodzi kuti abwere ndi piki. Anati khoma limene anaumba okha sangaliyambe munthu wina.